Giza ya sola ya thanki yakuda ija, kodi ingagwire kuno ku Mzuzu?

Mayi a Tadala (Chibavi):
Mwaswera bwanji nonse. Paja amati safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndi funso. Tikumalizitsa kanyumba kathu ku Nkhorongo, malata takhoma kale, pano tili pa za mapaipi. Mwezi watha ndinali ku Salima kwa achemwali anga, ndipo ndinaona padenga pawo pali chibokosi cha galasi pamwamba, m'kati mwake muli thanki yopaka utoto wakuda. Akuti ndi giza ya sola. Palibe waya, palibe pampu, thanki yomweyo ndi imene imawotha dzuwa, ndiponso ndi imene imasunga madzi. Ndinasamba cha m'ma 6 koloko madzulo, madzi ake mpaka kufuna kuthirako ozizira. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga uli pomwepo. Kuno ndimadzuka 4 koloko kukoleza mbaula kuti ana atatu ndi bambo awo asambe asananyamuke, ndipo thumba la makala silikufikanso kumapeto kwa mwezi. Kodi chinthu chimenechi chingagwire ndi nyengo yathu ino? Amene muli nazo kapena munaikirapo anthu, chonde tiuzeni zoona.

Nachisale (Katoto):
Mayi a Tadala, tisanapite patali, m'mawa munasambako ku Salimako? Madzi anali bwanji?

Mayi a Tadala (Chibavi):
Anali ofunda chabe. Koma poti ku Salima ngakhale a pampope safuna kutenthetsa, sindinalabadire.

Aphunzitsi Banda (Chimaliro):
Pamene afunsa a Nachisale m'pamene pagona nkhani. Giza imene munaona ku Salima ndi yosavuta kupanga kuposa ina yonse, chifukwa chokolera dzuwa ndi chosungira madzi ndi chinthu chimodzi. Masana dzuwa limalowa pa galasi, chitsulo chakudacho chimatentha, madzi n'kutenthera momwemo. Galasilo limatchinga mphepo ndiponso limachedwetsa kutentha kuti kusathawe msanga. Koma dzuwa likangolowa, khomo limene kutentha kunalowera ndi lomwelo kumatulukira. M'mbali mwa bokosi ndi pansi pake mungakute mmene mungafunire, koma pamwamba payenera kukhala galasi, ndipo galasi si bulangete. Usiku wonse thankiyo imakhala yayang'ana kumwamba kozizira. Ku Salima, ku Nkhotakota, ku Karonga kapena ku Chigwa cha Shire usiku umakhala wofunda, ndiye chotayika n'chochepa. Kuno tili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo mu Juni ndi Julayi mukudziwa nokha mmene zala zimaumira m'bandakucha. Madzi amene anali otentha 5 koloko madzulo, pofika 4 koloko m'mawa mudzawapeza atangofunda, tsiku lina atazizira ndithu. Ngati cholinga chanu ndi kusiya mbaula ya m'bandakucha, mtundu umenewu udzakusiyani pa miyezi yomwe mukuufunitsitsa.

Bambo Chirwa (Mchengautuwa):
Aphunzitsi, mwanena zoona koma musaiphe yonse. Ine ndili nayo yoteroyo, ndinapanga ndekha, ndipo ino ndi nyengo yachinayi yozizira ndikuigwiritsa ntchito. Nzeruyi ndinaitenga ndikugwira ntchito ku Nchalo. Ndinagula mgolo wachitsulo wa malita 200 umene munali mafuta ophikira, ndinautsuka bwino, n'kuupaka utoto wakuda wosanyezimira. Ndinaugoneka m'bokosi la matabwa, m'mbali ndinaikamo zidutswa za matiresi akale, pamwamba pa zimenezo n'kukhomerapo lata losalala loti lizibwezera kuwala pa mgolo. Galasi ndinachotsa pa mawindo awiri akale. Sindinaikweze padenga ayi. Ili pa nsanamira za njerwa kuseri kwa bafa, pofikira munthu ataimirira. Chinsinsi chake ndi chivundikiro. Dzuwa likapendeka cha m'ma 4 koloko, mdzukulu wanga amatseka chivundikiro cha thabwa chomwe m'kati mwake ndinakhomeramo bulangete lakale. M'mawa amatsegula popita kusukulu. Tikatero madzi amafika m'mawa ali oti munthu n'kusamba osanjenjemera. Tsiku limene taiwala kutseka, timadziwira pa mpope m'mawa.

Aphunzitsi Banda (Chimaliro):
Bambo Chirwa, chivundikirocho ndiye mankhwala ake enieni, ndavomera. Vuto ndi lakuti yogula m'sitolo amaikweza padenga, ndipo palibe amene angamakwere makwerero kawiri pa tsiku.

Bambo Chirwa (Mchengautuwa):
N'chifukwa chake ndinaiika pansi. Komanso kwathu tinangosintha, ambiri timasamba madzulo madzi akadali moto. M'mawa n'kungosukusula.

Mayi a Tadala (Chibavi):
Koma bambo, ana a sukulu osasamba m'mawa? Wamng'onoyo nthawi zina amakodzabe pogona. Ndipo bambo awo sangatuluke m'nyumba osathira madzi m'thupi, ngakhale kuzizire bwanji.

A Mbewe, pulambala (Luwinga):
Ndiye mayi, yanu si ya bokosi. Inu mukufunika ija mumaiona pamadenga a ku Katoto ndi ku Area 1B, ya machubu agalasi ondandalika, thanki itagona pamwamba pake. Nayonso thanki ndi machubu zimabwera pa chimango chimodzi, pampu palibe, magetsi safunika. Kusiyana kwake n'kwakuti thankiyo siwotha dzuwa. Ndi mathanki awiri, ina m'kati mwa inzake, pakati pake anathirapo thovu louma lija limakhala m'zitseko za firiji. Madzi amatenthera m'machubu, ndipo poti madzi otentha amapepuka, amakwera okha kulowa mu thanki, ozizira n'kutsikira m'machubu. Zimazungulira choncho tsiku lonse. Usiku otentha aja amakhala atatsekeredwa m'thanki yofundayo ngati tiyi wa mu fulasiki. Chubu chilichonsenso ndi magalasi awiri, pakati pake anachotsamo mpweya, ndiye mphepo yozizira siikhudza madzi. Mukagwira chubu masana kunja kumakhala kozizira pamene m'kati madzi akutentha. Kwa nyengo ya Mzuzu, mwa zonse zimene ndaikapo, imeneyi ndi imene eni ake sandiimbira kudandaula za madzi a m'mawa. Kawirikawiri chubu chimodzi amachiwerengera malita 10, ndiye ya malita 150 imakhala ndi machubu 15, ya malita 200 machubu 20. Banja la anthu asanu ine ndimalangiza ya 200.

Nachisale (Katoto):
Yanga ndi imeneyo, ya machubu 20, ndipo sindinong'oneza bondo. Koma ndikuuzeni zimene zinandigwera chaka choyamba kuti inu zisakuoneni. Unali mwezi wa Okutobala. Madzi anasiya masiku awiri, ife osadziwa kanthu tinapitiriza kutunga a mu giza mpaka inauma. Machubu anakhala padzuwa opanda madzi. Tsiku lachitatu madzi anabwera cha m'ma 1 koloko masana. Ndinali pakhonde ndikusankha nyemba, ndinangomva kuti thwa! thwa! padenga, kenako madzi kuyamba kutsika m'malata ngati mvula. Machubu atatu anasweka kumunsi. Ndipo mtundu umenewu chubu chimodzi chikasweka madzi onse a mu thanki amathera pomwepo, chifukwa madzi amalowa m'chubu mwenimwenimo. Amene anandiikira sanandiuze n'kamodzi komwe kuti chubu chouma chikatentha sichifuna madzi ozizira. Nditamuimbira anati pepani mayi, ndinaiwala. Machubu ena ndinadikira milungu itatu kuti abwere kuchokera ku Lilongwe. Masiku ano madzi akangosiya ndimatseka valavu yolowetsa madzi ku giza, ndipo ndimatsegula usiku kapena m'mamawa dzuwa lisanatuluke.

A Mbewe, pulambala (Luwinga):
Pepani a Nachisale, zimenezo ndaziona kangapo. Chubu chopanda madzi padzuwa chimatentha kuposa madigiri 200. Ife poika timadzaza m'mawa kwambiri, kapena timasiya machubu ataphimbidwa ndi makatoni ake mpaka thanki itadzaza. Ndipo pogula muziuza wogulitsa akupatseni machubu awiri kapena atatu apadera, musunge pamalo abwino. Muyang'anenso kumunsi kwa chubu chilichonse musanalipire. Kumayenera kunyezimira ngati kalilole. Kukakhala koyera ngati mwapaka ufa, ndiye kuti mpweya unalowa, chubucho chinafa ngakhale chisaoneke mng'alu. Ambiri amabweretsa katundu kuchokera kutali pa lole, ndipo mabampu a mumsewu amachita zawo.

Bambo a Yamikani (Zolozolo):
Ine ndikungowerenga, koma ndifunse. Zonsezi n'za anthu a nyumba zawozawo. Ife a lendi titani? Komanso ndinakafunsa mtengo m'tauni, ndalama yake ndi yogula makala zaka zingapo. Chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wochokera kunja sagwirika. Kodi sikuli bwino kungogula ketulo yamagetsi kapena kaelementi koviika mu ndowa?

Aphunzitsi Banda (Chimaliro):
Bambo a Yamikani, tiyeni tiwerengere limodzi, aliyense aone yekha. Kuti madzi a malita 150 achoke pa madigiri 20 kufika pa 60 pamafunika mayunitsi 7 a magetsi. Zimenezi sizisintha, kaya mugwiritse ntchito giza yamagetsi, ketulo kapena elementi ya mu ndowa, chifukwa madzi ndi omwewo. Mukamatero tsiku lililonse, pa mwezi ndi mayunitsi 210. Tengani risiti yanu yomaliza yogulira mayunitsi muchulukitse nokha. Malita 150 amenewo mukasakaniza ndi ozizira ofanana nawo mumapeza malita 300 a madigiri 40, omwe ndi abwino kusamba, kutanthauza ndowa 15 za malita 20. Ngati banja lanu limangotenthetsa ndowa ziwiri pa tsiku, mukunena zoona, giza idzatenga zaka zambiri kuti ibweze ndalama yanu, ndipo musadzivute. Koma nyumba ya anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo kutsuka mbale ndi kuchapa matewera, nkhani imasintha. Za a lendi, njira ya Bambo Chirwa ndi imene ingathandize, chifukwa mgolo mukhoza kuunyamula posamuka. Ngakhale chigubu chakuda cha malita 20 mutachiika padzuwa pa lata kuyambira m'mawa, madzulo mwana amasamba bwinobwino.

Mayi a Tadala (Chibavi):
Kaelementi ka mu ndowa ine ayi. Mwana wa aneba athu anapisa dzanja kuti aone ngati madzi atentha, magetsi anamugwira. Mulungu anangomuteteza.

Nabanda (Chibanja):
Ndilowererepo ngati munthu wa malo ogona alendo, zipinda zisanu ndi chimodzi. Ndinaika magiza awiri a machubu mu 2022. Mukukumbukira chaka chimenecho, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri. Alendo anga ankadzuka m'mawa madzi ali ozizira, atsikana anga n'kumathamanga ndi ndowa kuchokera pa mbaula. Ndinaona kuti bizinesi ikufa. Chiikireni, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba sindiganizako za madzi otentha, amachita kutsala. Nthawi ya mvula zimayendanso, chifukwa dzuwa limatulukako maola angapo. Koma ndisakunamizeni, masiku aja a chifunga ndi mvula yowaza, pamene phiri la Kaning'ina silioneka kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku loyamba madzi amakhalapo, lachiwiri ofunda, lachitatu basi. Machubu amakolako kuwala ngakhale kuli mitambo, koma sikukwanira. Ndiye musalole kugula yopanda elementi ya magetsi m'kati. Yanga ndinaiikira swichi yake pakhoma, ndimayatsa ola limodzi kapena awiri m'bandakucha pa masiku oterowo okha. Musaisiye yoyaka nthawi zonse. Mukatero elementi imatenthetsa madzi usiku, dzuwa potuluka lipeza ntchito yatha kale, inu n'kumalipira mayunitsi ngati mulibe sola.

A Mbewe, pulambala (Luwinga):
Mfundo yomalizayo ndi imene anthu ambiri amaphonya. Munthu amadandaula kuti sola sikundithandiza, ukapita ukapeza swichi ili yoyatsa chiikireni.

Mayi a Tadala (Chibavi):
Ndikumva bwino tsopano. Nanga denga? Lathu ndi la malata a geji 28, matabwa ake ndi a paini a ku Chikangawa. Silingagwe?

A Mbewe, pulambala (Luwinga):
Funso limeneli likanabwera musanakhome malata zikanakhala bwino kwambiri, komabe sizinachedwe. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 200 ikadzaza, kuphatikiza madzi a m'machubu, galasi ndi chimango, mukukamba za makilogalamu oyandikira 300. Ndi matumba asanu ndi limodzi a simenti atakhala pamalo amodzi, usana ndi usiku, zaka ndi zaka. Lata silinyamula kanthu, chimanyamula ndi thabwa la pansi pake. Miyendo ya chimango iyenera kuponda pamene pali mitanda ikuluikulu, makamaka pamwamba pa khoma la m'kati, monga la bafa kapena la m'kolido. Ndinaitanidwapo ku Masasa kukaona nyumba ina, anaika giza pakati pa chipinda pa timatabwa ta 2 by 2. Patatha chaka denga linali litapindika ngati msana wa bulu, madzi a mvula akudikha pamenepo n'kumadontha pa siling'i. Tinachita kuitsitsa. Ngati akalipentala anu anagwiritsa ntchito paini wosauma bwino kapena wosathira mankhwala a chiswe, ndi bwino kumanga kansanja kachitsulo kapena ka njerwa pambali pa nyumba. Kumeneko ngakhale kukonza n'kosavuta, ndipo simubowola malata.

Chikondi (wophunzira, Mzuni):
Ndiwonjezere za koyang'anitsa, chifukwa ndimaona magiza ambiri m'tauni muno atayang'ana kulikonse kumene denga lapendekera. Mzuzu ili kummwera kwa ikweta ndi madigiri pafupifupi 11 ndi theka. M'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto. Pa 21 Juni masana limakhala litapendekera kumpoto ndi madigiri pafupifupi 35 kuchoka pa liwombo. Ndiye machubu ayang'ane kumpoto, cha ku Ekwendeni, osati cha ku Chikangawa. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka mu Febuluwale dzuwa limadutsa chakummwera pang'ono, koma nthawi imeneyo limakhala pamwamba kwambiri ndipo kutentha kumakwana kale. Giza yoyang'ana kummwera imagwira bwino mu Disembala, n'kukhumudwitsa mu Julayi. Muonenso mithunzi. Mtengo wa mapeyala kapena wa bulugamu umene mu Novembala mthunzi wake uli pansi pake, mu Juni umaponya mthunzi wautali chakummwera, mwina mpaka padenga panu.

Bambo Chirwa (Mchengautuwa):
Mwana wanga wanena zoona. Yanga poyamba ndinaiika kummwera kwa mtengo wa mango, ndinaisuntha chaka chotsatira.

Chikondi (wophunzira, Mzuni):
Agogo, mtsutso wanu ndi aphunzitsi uja unachitikapo kalekale ku America. Giza ya sola yoyamba kugulitsidwa inali ngati yanuyo, mathanki akuda m'bokosi la galasi. Anaipanga Clarence Kemp wa ku Baltimore mu 1891, ankaitcha Climax, ndipo inagulidwa kwambiri ku California komwe kuli dzuwa. Dandaulo la ogula linali lomweli la madzi ozizira m'mawa. Mu 1909 William Bailey anasiyanitsa chokolera dzuwa ndi thanki, thankiyo n'kuikuta bwino, ndipo dzina lake anaitcha Day and Night pofuna kunena kuti madzi otentha alipo usana ndi usiku. Anthu anasinthira ku mtundu umenewu. Koma ya bokosi sinafe, mpaka lero ikupangidwa chifukwa ilibe zambiri zoti ziwonongeke, ndipo kumadera ofunda imakwanira. Ku Israel kuyambira 1980 lamulo limafuna kuti nyumba zatsopano zokhalamo zikhale ndi giza ya sola, n'chifukwa chake pa zithunzi za mizinda yawo madenga amadzaza mathanki.

Anamwino (Katawa):
Ine nkhawa yanga ndi ana, poti Mayi a Tadala atchula wamng'ono. Giza yamagetsi ili ndi choimitsa, ikafika pomwe munaitchera imazima. Dzuwa silizima. Mu Okutobala, banja likachokapo masiku awiri osatunga madzi, a m'giza ya machubu amatha kufika powira. Madzi a madigiri 60 okha amawotcha khungu m'masekondi ochepa, ndipo khungu la mwana n'lopyapyala kuposa lathu. Ndasamalirapo ana opsa ndi madzi, ambiri a pa mbaula, mphika utagubuduka pamene mayi akuthira mu beseni. Pa chifukwa chimenecho ndimaikonda giza, imachotsa mphika wa madzi owira pakati pa ana m'mawa kuli mdima. Koma isasanduke ngozi ina. Muuze pulambala aike valavu yosakaniza yokha madzi otentha ndi ozizira asanafike ku bafa. Ngati ndalama yake palibe, lamulo la m'nyumba likhale lakuti mwana satsegula mpope wa madzi otentha, ndipo mu beseni timayamba kuthira ozizira. Chinanso, madzi ongofunda okhalitsa mu thanki amaswetsa tizilombo, ena mwa iwo ndi aja a Legionella omwe amayambitsa chibayo munthu akapuma nthunzi ya mu shawa. Amafa madzi akafika madigiri 60. Ndiye nyengo ya chifunga ikatalika, yatsani elementi ija madzi atenthe kwenikweni kamodzi pa mlungu. Ndipo madzi a m'giza si akumwa kapena kuphikira.

Bambo Chirwa (Mchengautuwa):
Zikomo amayi, zimenezi za tizilombo sindinkazidziwa. Mgolo wanga mu Julayi sufika pamenepo. Ndiziukhuthula n'kuutsuka pafupipafupi, ndipo ife timasamba ndi ndowa, shawa tilibe.

Nachisale (Katoto):
A Mbewe, afotokozereninso za mphamvu ya madzi ku shawa. Ine ndinavutika nazo miyezi ingapo. Ndikatsegula ozizira pang'ono pokha, otentha ankasiyiratu kutuluka.

A Mbewe, pulambala (Luwinga):
Eya. Magiza a machubu otchipirapo, amene ambiri timagula, thanki yake sipirira mphamvu ya madzi a Water Board. Madzi amayamba alowa m'kathanki kakang'ono pamwamba kokhala ndi mpira ngati wa m'thanki ya chimbudzi, kenako n'kutsikira m'thanki yaikulu. Ndiye otentha amabwera ku shawa ndi mphamvu ya kutsetsereka kokha. Giza ikakhala mamita awiri okha pamwamba pa shawa, mphamvu yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya mu paipi ya mumsewu. Mukaika mikisa wamba (mpope umodzi wosakaniza madzi otentha ndi ozizira), ozizira amakankha otentha kubwerera m'mwamba. Njira yake, madzi ozizira a ku bafa achokerenso ku thanki ya pamwamba kuti mphamvu zifanane, kapena muike mipope iwiri yosiyana muzisakaniza mu ndowa. Valavu imene anena anamwino ija nayonso imafuna mphamvu zofanana, ndipo pogula munene kuti ndi ya giza yopanda mphamvu. Mutu wa shawa ukhale wa mabowo akuluakulu. Ilipo giza ina yopirira mphamvu ya madzi, imene m'machubu mwake muli timapaipi ta kopa ndipo madzi salowa m'galasi. Imeneyo chubu chikasweka madzi satayika ndipo mikisa imagwira bwino, koma mtengo wake ndi wokwera. Chinthu china chimene ndikupemphani nonse, kapaipi kopumira kali pamwamba pa thanki musadzakatseke. Ena akaona kakutuluka nthunzi kapena kakudontha amakatseka ndi pulagi, thanki n'kufufuma kapena kuphwanyika. Ndipo paipi ya madzi otentha isakhale PVC, imafewa. Ikani PPR yobiriwira ija kapena kopa, muikute, pamwamba pa chokutiracho muzengerezepo china chifukwa dzuwa limachifumbutsa ndipo akhwangwala amachijompha.

Bambo a Yamikani (Zolozolo):
Mwandigonjetsa theka. Koma ndimaonabe kuti amisiri odziwa ndi ochepa. Aliyense wogwira sipanala akuti ndimaika sola.

Chikondi (wophunzira, Mzuni):
Bungwe la MERA ndi limene limapereka ziphaso kwa ogulitsa ndi oika zipangizo za sola, ndiye muli ndi ufulu wofunsa chiphaso. Komanso mufunse nyumba ziwiri zimene anaikako zaka ziwiri zapitazo, mukaone ndi maso ndi kucheza ndi eni ake.

Nabanda (Chibanja):
Ndipo mukacheze nawo mu Julayi, osati mu Okutobala. Chinanso Mayi a Tadala, ku Nkhorongo madzi anu ndi a mpope kapena a chitsime? Ine nthawi ya mvula madzi akabwera ofiirira, matope amakakhazikika kumunsi kwa machubu. Chaka chilichonse mvula ikatha ndimaitana mnyamata, amazula machubu m'mamawa, kuwatsuka ndi kubwezeretsa, n'kusintha timphira tomwe tayamba kudontha. Tsiku loyamba ndinadabwa, m'chubu chimodzi munatuluka matope odzaza kapu. Ndinaikitsa sefa pa paipi yolowera ndipo zinachepa.

Mayi a Tadala (Chibavi):
Ndi a mpope, anatilumikizira mwezi wathawu, koma tili ndi maganizo oika thanki ya malita 1,000 pa nsanja chifukwa kumtunda kuja madzi amafika mofooka masana.

A Mbewe, pulambala (Luwinga):
Ndiye zakuyenderani. Nsanja imodzi yomweyo ikhoza kugwira ntchito ziwiri. Thanki yaikulu pamwamba, giza m'munsi mwake chakumpoto kuti mthunzi wa thanki usagwere pa machubu, koma ikhalebe pamwamba pa mutu wa shawa. Giza izimwa kuchokera mu thanki yaikuluyo, ozizira a ku bafa achokerenso momwemo. Mukatero giza siidzauma madzi akasiya, za a Nachisale zija sizidzakuonekerani, mphamvu ku shawa zidzayandikana, ndipo denga simulikhudza n'komwe. Chofunika nsanjayo ikhale pafupi ndi bafa. Paipi ikatalika mumataya ndowa ya madzi ozizira musanaone otentha.

Aphunzitsi Banda (Chimaliro):
Ndipo wowotcherera nsanjayo mumuuze kulemera kwake asanagule zitsulo. Malita 1,000 ndi tani imodzi, kuwonjezapo giza.

Mayi a Tadala (Chibavi):
Abale, zikomo kwambiri, yewo chomene. Ndawawerengera bambo a Tadala zonse kuyambira pamwamba. Tagwirizana kuti ya bokosi ija tiwasiyire achemwali ku Salima, ife tisunge ndalama ya machubu 20 yokhala ndi elementi. Sitingathe mwezi uno, mawindo akadalibe magalasi. Koma mapaipi a madzi otentha tiikiretu m'khoma tisanapake pulasitala, ndipo nsanja tiimange poganizira giza. Bambo Chirwa, ngati mungalole, Loweruka tibwere ndi mwana wanga wamkulu tidzaone mgolo wanu. Kuno ku Chibavi tikhalako mpaka chaka chamawa, ndipo ngati ungatenthetse madzi otsukira mbale ndi osamba ana madzulo, makala a madzulo ndiye kuti tapulumutsa. A Mbewe, ndikulemberani kumbali za tsiku loti mukaone malowo.

Bambo Chirwa (Mchengautuwa):
Bwerani cha m'ma 3 koloko, madzi adzakhala atatentha mudzagwire nokha. Mukapeza mgolo, onetsetsani kuti munali zakudya, osati mankhwala kapena dizilo. Galasi lina la windo ndili nalo likungokhala, mudzatenge.

A Mbewe, pulambala (Luwinga):
Lachiwiri m'mawa ndili ndi ntchito ku Dunduzu, pobwerera ndidzadutsa ku Nkhorongo. Akalipentala ndi owotcherera adzakhalepo, tidzayeze limodzi kutalika kwa nsanja kuchokera pa shawa.